Kauta Kopanda Kofikira

Kunja kwada kuyambira folo koloko.
Emajõgi waundana gwa, mabasi a mu Tartu ayamba kuchepa,
ine ndikadali pa tsamba lakhumi ndi chinayi
la nyimbo ya zeze imene malemu Kaljo Pärnamets
anaisiya ya pensulo m'bokosi la nsapato.
Osindikiza akuifuna mawa m'mawa.

Pulogalamuyi ndi ankhoswe osaitanidwa.
Ikangoona manoti awiri ofanana ayandikana
yawakwatitsa kale, kauta pamwamba pawo,
awiri asanduka mmodzi, wachiwiriyo kukamwa yasa koma osalira.
Chonsecho mkuluyo ankafuna nsambo ikhudzidwe kawiri.
Ndikudziwa. Anatsindika pensulo mpaka kuboola pepala.

Ndiye usiku wonse ndikumasula maukwati.
Kuloza ndi mbewa, kudina, kufufuta.
Ndikachotsa apa katulukira mzere wapansi
ngati nsabwe za m'msoko.
Ndafika makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri,
khofi wachiwiri wazizira,
phewa lakumanja layamba kundifunsa zaka zanga.

Kenako mzere womaliza.
Noti imodzi yokha, yapansi penipeni, yonenepa,
ndipo kuchoka pa iyo kauta kowerama
kopita poyera, popanda woyembekeza.
Pambali tizilembo tiwiri, l.v.,
kunena kuti usagwire nsambo, isiye ilire.

Apa pulogalamu yakana.
Lamulo lake ndi lakuti kauta kakhale ndi kofikira.
Ndikakakoka kabwerera ngati legeni.
Ulendo wina kanalumpha tsamba lonse
nkukagwira noti ya nyimbo ina,
gule wa paukwati, wolembedwa zaka makumi awiri m'mbuyo.
Chala changa chinaima pa batani lofufutira.
Mwina dzanja linangoterereka,
masiku omalizawo linkanjenjemera.

Naini koloko itakwana ndinaimbira mayi Virve.
Anayankha akutafuna kanthu.
Leelo, iwo anati, munthu ameneyo akamatsuka matambula
ankagogoda imodzi ndi chikhadabo
nkukweza chala, tonse chete,
ana, galu, ngakhale alendo,
mpaka kulirako kuthe kokha.
Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndadikira matambula.
Msuzi unkazizira.
Usafufute.
Anatseka foni osatsanzika.

Pali chinyengo chimene anandiphunzitsa Aivar
tili ku ofesi yakale ya pa msewu wa Vanemuise.
Umalemba noti ina patsogolo, yabodza,
umalola ankhoswe agwire ntchito yawo,
kauta kamatera bwinobwino,
ndiye noti yachiwiriyo umaibisa.
Osati kufufuta. Kubisa.
Mutu, mwendo, zonse.
Pa sikirini yanga imatsala yotuwa ngati mpweya pa galasi,
pa pepala mulibe kanthu.

Ndachita. Kauta kaima, kakuloza poyera.
Ndafupikitsa mchira wake pang'ono
kuti kasakhudze mizere iwiri yotsekera.
Ndauza kompyuta iimbe.
Yawerenga zinayi ndendende nkudula phwi,
ilibe chipinda, ilibe denga.

Loweruka Ülle adzakhala m'tchalitchi cha Jaani
ndi zala zofunditsa m'khwapa,
adzakoka nsambo yaitali ija
nkuchotsa manja onse, kuwaika pamwendo.
Njerwa zidzalandira, zidzabweza, zidzalandiranso.
Wina adzatsokomola msanga, amatero nthawi zonse.
Mayi Virve adzakhala mpando wachitatu
atakweza chala mwina, kapena ayi.

Palibe adzadziwe kuti kutsogolo kwa kautako
kuli noti yomwe ndinaika ine,
yosaoneka, yosaimbidwa,
yongogwirizira.

Pulinta yatentha, yayamba kumeza mapepala.
Tsamba lachisanu ndi chinayi latuluka
ndi kauta kamodzi kamene ndinakaphonya.
Ndavulanso jekete.